Khomo Lakana Mwini Nyumba

Mayi Tisauke Shawa andiimbira kachitatu:
"Iwe Lameki, makina ako andikana.
Ine msungichuma zaka zisanu ndi zinayi,
lero akuti sindiloledwa?"
Kuseri kwa mawu awo ndikumva msika wa Kapata,
mabelu a njinga, wina akutsatsa kapenta,
ndi alimi a mtedza makumi awiri
atandalala pakhonde kudikira ndalama zawo.

Mawu achinsinsi ndi olondola.
Khomo loyamba lawazindikira,
lawapatsa moni, dzina lomwe lawatchula,
koma la kuchipinda cha ndalama
langoti duu, ngati phiri la Kanjala.

Ndayamba ndi kunamizira magetsi.
Anazima usiku, wotchi ya seva yatsalira,
mwina chiphaso chikumafa chisanabadwe.
Ndakonza nthawi. Ayi ndithu.
Ndapukuta zonse zimene makina amakumbukira,
ndatuluka, ndalowanso, ndatukwana chamumtima.
Tiyi wazizira mpaka ntchentche yamunyoza.

Kenaka m'kaundula wa ololedwa
ndakumana ndi Zondiwe,
kalaliki amene anachoka chaka chatha
kukagulitsa simenti ku Katete.
Makiyi ake onse akadali amoyo.
Akanafuna...
Sanafune. Sadziwa n'komwe.
Thukuta landitsika mumsana.
Wapakhomo ndamutsekera kunja,
wapaulendo ndamusiyira zenera.

Dzuwa litapendeka ndaupeza mzerewo,
wolembedwa ndi zala zanga zomwe
usiku wina ndili ndi tulo m'maso.
M'kaundula muli Msungichuma, M wamkulu.
M'malamulo muli msungichuma, m wamng'ono.
Kwa ine ndi mayi mmodzi wa mpango wobiriwira.
Kwa makina ndi alendo awiri
amene sanadyerepo m'mbale imodzi.

Kufunsa kuti ndiwe yani n'kwina,
kufunsa kuti ungagwire chiyani n'kwinanso;
ndinaphunzira zimenezi, ndinakhoza ndi mayeso,
koma zandilowa lero, pa mpando wothyoka mwendo uno.

Ndatsitsa chilembocho.
Zondiwe ndamufufuta mwaulemu,
ngati mmene umachotsera chikho cha mlendo amene wapita.

"Tayesaninso, mayi."
Chete. Njinga yadutsa. Mwana walira.
"Chatseguka! Nanga chinavuta n'chiyani?"
"Netiweki," ndayankha,
ndipo lilime landiwawa.

Madzulo ndafika kwathu ku Mchini,
ndaima pakhomo, kiyi ali m'manja,
ndikuwerenga pa zala
anthu onse amene ndinawabwerekapo kiyi ameneyu.