Mwini Nsalu

Masiku makumi anayi makina anga ali duu
pakhonde la sitolo ya a Jafali, kuseri kwa depoti.
Akangaude alowa ntchito yanga;
amasoka usiku, salipiritsa munthu.

Sakina, dzulo tinachita sadaka yako.
Anabwera a ku Linga, a ku Dwangwa, ena sindiwadziwa,
anadya mpunga umene unapalira wekha uli ndi pakati.
Wina anati wakoma. Ndinatuluka panja.

Mwanayo sitinamutche dzina.
Anakhala nafe kuchokera pa azana ya m'bandakucha
mpaka dzuwa kufika pamutu,
kenaka anakutsata, ngati anaiwala kanthu kwa iwe.
Kamalaya kake kali m'kabati,
kobiriwira, mkono umodzi wosatha.

Ine ndadulira anthu ambiri sanda.
Ndimadziwa mikono ya munthu wamkulu,
ndimadziwa kuti sanda saisokera thumba.
Koma yako inandikanika;
lumo linanjenjemera mpaka Twaibu anandilanda.

Shehe Mdoka sanandiuze zambiri.
Anakhala pa benchi ya makasitomala, nasuzumira m'dengu.
Anati: Nsalu zonsezi ndi zako?
Ndinati ayi, ndi za eni ake.
Nanga akabwera kudzatenga umalira?
Anangofunsa zomwezo, nanyamuka kupita ku swala.

Usiku ndinamuyankha, iye kulibe.
Ndinati: Shehe, mwini nsalu amanena tsiku.
Amati ndibwera Loweruka, ndipo ine ndimakonzeka.
Uyu anabwera Lachiwiri, singano ili m'kati,
ulusi uli pakamwa panga.
Ndinanena mokweza, denga la malata linamva,
ndipo sindinapepese.

Koma mphumi ikafika pamkeka
pali chinachake chimene chimamasuka,
ngati mfundo imene wailimbana nayo tsiku lonse
n'kumasuka yokha utaisiya.
Sindinganene kuti ndamvetsa.
Ndimangoti: Inu amene munayeza Sakina musanamuumbe,
amene munadziwa utali wa mpweya wa mwanayu,
muwasunge posafika njenjete.
Ine ndinangobwereka. Ndinaiwala kuti ndinabwereka.

Masiku ena duwa imatuluka yonse.
Masiku ena imathera pa dzina lako
ndipo ndimakhulupirira kuti Iye amamaliza yekha.

Lero m'mawa kwabwera mayi wa ku Sasani,
mwana kumsana, yunifolomu yong'ambika m'manja.
Anati: A telala, mwayambanso?
Ndinafuna kukana.
Kamwanako kanandiyang'ana, chala m'kamwa, dovu chuchuchu.

Ndathira mafuta m'makina, Sakina.
Phazi lakumbukira lokha popondera.
Msoko woyamba wakhota, ndaphwasula, ndayambanso.
Kamalaya kobiriwira sindinakakhudze;
mwina mawa, mwina mvula ikadzagwa,
mwina ndidzabwera nako komweko, mkono umodzi,
udzandiseke monga unkachitira
ndikasoka batani pamalo polakwika.