Mphindi Zitatu za Loweruka

Lachitatu usiku ku Quezon City,
nsanjika yachinayi, chipinda chopanda zenera.
Tilipo asanu ndi awiri patebulo limodzi,
khofi wazizira, mpunga wauma m'mapepala,
ndipo palibe amene akuseka.
Kumene amaphikira nthabwala
kumakhala zii ngati pasiwa.

Ine ntchitoyi ndinaiphunzira kuseri kwa mpando wometera.
Bambo anga, a Teryo, anali ndi kashopu ku Tondo,
galasi long'aluka pakona, lumo limodzi, sizasi ziwiri.
Kasitomala akangotuluka, iwo ankasanduka iyeyo:
kayendedwe kake, katsokomoledwe kake,
mmene amapapasira m'thumba ngati ndalama yamuthawa.
Ine ndikusesa tsitsi, nthiti zikuwawa.
Tsiku lina wapolisi anabwerera kudzatenga chipewa
n'kupeza bambo ali mkati momuyerekeza.
Anaima pakhomo. Sizasi zinaima m'malere.
Kenaka anati, "Mimbayo waichepetsa, Teryo,"
natola chipewa chake, ulendo.
Sukulu yanga yonse ndi imeneyo.

Sewero langa loyamba linali la dalaivala wa jipini
wochitira injini yake mwambo wa maliro pakati pa msewu.
A Perlita Dimayuga, mkulu wa alembi,
analiwerenga chiimire, akusenda mango.
Pa masamba asanu anasiyapo limodzi ndi theka.
"Nthabwala yako ili apa," anatero akuloza ndi mpeni,
"kwinaku unkangokonza kukhosi."
Ndinakalirira kuchimbudzi.
Loweruka situdiyo inagwedezeka ndi phwete.

Zaka khumi ndi zitatu tsopano.
Ndalembapo nkhuku yokapempha ngongole kubanki,
akuba awiri aulemu opatsana mpata pazenera mpaka kunja kucha,
mzukwa wolephera kuopseza anthu poti onse maso ali pafoni.
Lamzukwalo silinaonetsedwe:
a kampani ya sopo anati akufa sagula sopo.

Amene anthu amamudziwa ndi Rodel.
Amavala wigi, n'kulankhula mawu anga,
ku Cubao azimayi amamuthamangira, ana ali kumanja.
Dzina langa limadutsa kumapeto, m'tizilembo toyera,
liwiro la khoswe podumpha msewu.
Mayi anga amadikira, chala chili pagalasi la kanema,
kuti aligwire.
Sanaligwirepo.

Sabata imene bambo anatisiya kunali namondwe,
madzi olekeza m'mawondo mpaka pakhomo pathu.
Pulogalamu siidikira maliro.
Ndinalembera pabondo, pambali pa bokosi,
azimayi akupemphera kolona,
azibambo akutchova makadi pansi pa lona panja.
Ndinalemba za wometa amene wafika kumwamba
n'kupeza angelo onse tsitsi lili nyankhalala,
iye n'kukana kulowa mpaka amupatse mpando ndi galasi.
Rodel sanachulutse mawu opepesa.
Anangopempha chithunzi,
nafunsa mmene malemuwo ankagwirira sizasi.

Loweruka, ndili kuseri kwa makamera, pakati pa zingwe,
ndinaona bambo anga akuyenda pansi pa magetsi,
phewa lamanzere lotsika, kachala kakang'ono kali m'mwamba.
Anthu mazana awiri anaseka mpaka kupukuta m'maso,
choncho anga sanadabwitse munthu.

Mawa Lachinayi, tiwerengera ochita masewero.
Pepala langa likadali mbuu.
Nonoy wagona pansi pa tebulo, watsamira nsapato.
A Perlita ayamba kusenda ena.
Ndatuluka, ndaima pamakwerero pomwe pali kazenera.
Pansipo bambo wina akulimbana ndi ambulera
yomwe mphepo yaitembenuza,
akuikalipira ngati mlamu wosabweza ngongole.
Waiponya pansi. Wayenda mapazi atatu.
Waima.
Ndikuwerenga chamumtima, wani, thu,
cholembera chili kale m'manja:
abwerera ameneyu,
ndipo ayamba wayang'ana uku ndi uku.