Ngumbi ya Pepala

Makina a fotokope akatsokomola
amalavula mapepala opanda mwini:
satifiketi yothimbirira ndi inki,
kalata yofunsira ntchito yoduka mutu,
theka la nkhope ya munthu wa ku Chibavi.
Abwana amati taya.
Ine ndimalowetsa m'thumba la jekete.

Usiku ku Zolozolo, chifunga chitatsamira zenera,
ndimadula kuti mbali zinayi zilingane,
kenako sizasi ndimaibweza m'dilowa.
Lamulo lake ndi lomwelo:
osadulanso, osamata,
chala ndi chikhadabo basi.

Mbalame za m'buku ndinazipinda zonse,
zija za makosi ataliatali zochokera kutsidya kwa nyanja zamchere,
mpaka manja ankazipinda okha ine ndikuwodzera.
Koma anali ana a eni.
Ndinkafuna kanga,
kodziwa fungo la dothi la Kaning'ina mvula yoyamba ikagwa.
Ndinasankha ngumbi.

Mapiko anayi, ngodya zinayi,
nanga mutu uchokera kuti?
Yoyamba inatuluka ngati mphemvu yopondedwa.
Yachisanu ndi chiwiri inang'ambika pamsana.
Juni atafika pepala linkamwa chinyontho,
lende ngati mpiru wogonera pamsika,
ndinkachita kuliwamba pambaula kuti lindimvere.
ANyaharawa, eni nyumba, anasuzumira pakhomo:
“Munthu wamkulumkulu kuseweretsa mapepala!
Lendi nayonso uchita kupinda?”

Pa ya makumi atatu ndi imodzi
ndinapeza kuti mutu unali pamchombo pa pepala,
phee, masiku onsewa,
kudikira chala chachikulu chiukankhe kuchokera pansi.
Tumphu!
Ndinaseka ndekha mpaka galu wa aneba anandiyankha.

Ndinajambula njira yake m'kope la masamu:
mzere wodukaduka, pinda chigwa,
wa timadontho, pinda phiri,
kukwera ndi kutsika ngati msewu wa ku Chikangawa.
Masitepe makumi awiri ndi anayi.
Ndinachulukitsa abwana atapita kukadya,
n'kusiya pakauntala, pambali pa sitepula.

Walusungu, mwana wa wakabaza,
amadikira bambo ake pabenchi lathu akaweruka kusukulu.
Anatenga limodzi osapempha.
Lilime panja, maso pamzere,
pa sitepe ya khumi ndi chinayi anapinda phiri
pomwe ine ndinalemba chigwa.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukonze,
iye n'kukoka kumchira,
mapiko onse anayi phephere! phephere!
Yanga, miyezi yonseyi,
sinagwedezepo ngakhale phiko limodzi.

Nsanje inandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.
Masiku atatu sindinamupatse moni wabwino.
Lachinayi ndinafufuta mzere wanga,
ndinajambula wake,
pansi pake n'kulemba dzina lake ndi zilembo zazikulu.
Anawerenga, anati L wachiwiri wapendama.

Sabata yatha, kuchipatala ku Luwinga,
ndikukaona aNyaharawa ndi mwendo wawo wotupa,
ndinaiona pazenera la wodi ya abambo:
ngumbi ya lisiti la mankhwala,
phiko limodzi lalifupi,
mipindo yonenepa ya dzanja losazolowera.
Koma inali ndi miyendo.
Isanu ndi umodzi, yoonda, yoima bwinobwino,
miyendo imene ine ndinaigonja kalekale.

Dzina langa panalibe, la Walusungu panalibe.
Ngumbi ikatuluka pachulu sicheuka,
imakathothola mapiko pakhomo pa mlendo
n'kuyamba mudzi wake.

Mwini bedi, mkulu wa botolo la madzi pamkono,
anandiona ndikuitembenuzatembenuza.
“Mukuifuna? Tengani, ndipinda ina.
Anandionetsa mnyamata amene anagona apa,
enawo ndinangowonjezera posowa tulo.”

Ndinakhala pamphepete pa bedi,
ndinatulutsa m'jekete theka la nkhope lija,
ndinalisalaza pabondo.
“Yambirani poyambirira, bambo,
koma mukafika pamiyendo muchite pang'onopang'ono.”