Chitsulo Chodutsa M'moto

Tinaipeza tsiku lachitatu,
phulusa litazizira moti n'kulipalasa ndi manja,
pansi pa mawaya a matiresi, ku Jeppestown,
pamene panali chipinda chathu cha malata ndi makatoni
chisanadyedwe ndi parafini wa mnzathu wa kuseri
usiku wa chisanu cha Juni.
Chogwirira chinali chitasungunuka ngati phula,
koma mpope unali chikhalire, wakuda bii,
wouma mutu ngati mwini wake.

A Malizani anati: "Ipukute, Nagama. Chitsulo sichifa.
Popanda iyo ndine mlonda wanji?
Mbava za m'Joni muno ndiziziopseza ndi tochi?"

Manja awo anali m'mabandeji,
ndiye ndinaikulunga ndine m'chitenje
pamodzi ndi chiphaso chake,
chimene chinapulumukira m'thumba la jekete.
Tinakwera teksi ya ku Rosettenville
nditaifukata ngati mwana wodwala malungo,
iwo akuyang'ana pawindo, osayankhula.

Mdala Pestana, magalasi ali pamphuno,
sanafulumire. Anayamba wainunkhiza.
Anasolola sipuling'i n'kuikanikiza ndi chala:
inagona pomwepo, osadzukanso.
Anadutsitsa tupa pampope,
tupayo inaluma ngati ikudya sopo.
"Mwamva? Chitsulo chamoyo chimakana tupa.
Ichi changovomera."

A Malizani anati, "Koma kunjaku ili bwino."

"Kunja ndi ntchito ya tsiku limodzi.
Mwaye ndichotsa, dzimbiri ndichotsa,
chogwirira ndiika china,
iwala mpaka mudzioneremo nkhope.
Koma moto sutsalira pakhungu, bambo.
Umalowa mkati n'kumasula zimene osula anamanga,
ndipo diso silifikako.
Mwina iwomba kakhumi bwinobwino.
Kachikhumi n'chimodzi idzakudyani zala,
kapena diso la amene waima pambali panu.
Ikanangopsa ndi utsi ndi madzi a ozimitsa moto,
tikanakambirana.
Ndani akudziwa pamene kutentha kunafika?
Munali ndi choyezera usiku umenewo?"

Tinali ndi mwana kumsana,
ndi chitseko chokana kutseguka.
Sindinanene. Ndinangomeza.

Mdalayo anakana ndalama.
Anatilembera kapepala kopita nako kupolisi ya Jeppe,
komwe wapolisi wina woyasamula
analemba nambala imene moto unalephera kufufuta,
n'kuiponya m'kabati ngati supuni yothyoka.
Zaka zisanu ndi ziwiri za m'chiuno mwa munthu,
khobo!
A Malizani anasaina ndi chala chimodzi
chotulukira pabandeji.

Tsopano tikugona m'holo ya mpingo,
mabanja makumi awiri, mabulangete opatsidwa.
Dzulo magetsi atazima monga mwa nthawi zonse,
mayi wina wa ku Beira anakhwatcha machesi
kuti ayatse kandulo,
ndipo amuna anga, amene ankaima okha pageti la fakitale
usiku wonse mumdima wa ku Denver,
anadzambatuka, n'kunyamula mwana,
n'kuthamangira khomo lomwe linali lotsegula kale.

Anthu sanaseke. Aliyense ali ndi wake wotero.

Anabwerera n'kugona chafufumimba.
Mabala a m'manja akuuma, adokotala akuti
khungu latsopano likubwera bwino.
Kunja ndi ntchito ya milungu ingapo.
Ine ndilibe tupa,
ndilibe magalasi a mdala uja,
ndipo kulibe kabati kumene ndingakawasiye
n'kusaina.

Ndinadikira mpaka mpweya wawo utatsika.
Kenako ndinaika chala pamsana pawo,
pakati pa mapewa, pamene pamakhala thukuta,
n'kukanikiza.
Ndinachotsa chalacho.
Ndinawerenga mumtima: chimodzi, ziwiri, zitatu,
teksi yoyamba ikuimba hutala mumsewu wa Jules.

Mnofu unabwerera, koma mwaulesi.

"Ukutani?" anafunsa, nkhope ili m'bulangete.
Ndinati, palibe, gonani.
Anati: "Mawa undimasule dzanja lamanjali.
Akuti ku Fordsburg akufuna wotsuka magalimoto.
Madzi okhaokha, tsiku lonse."