Mabala Asanu ndi Awiri

Ku Dudley, m'fakitale ya a Pardoe,
mpweya amauyeza m'mabala.
Tsiku loyamba ndinaseka chamumtima:
kwathu bala ndi pomwera mowa,
bala ndi chilonda.

"Geji izikhala pa seveni," anatero mkuluyo,
chala chagirizi chikugogoda galasi.
Thanki iyi akuti dzina lake ndi Yolandira,
chonsecho sinandilonjerepo.
Zolumikizira mapaipi, china chachimuna, china chachikazi:
pozitchula ndinazolika.

Mame nawo ali ndi tsamba lawo m'buku.
Mpweya ukapanikizika umalira,
ndiye m'mamawa ndimatsegula vavu
misozi yake igwere m'ndowa.

Sikisi koloko, kompuresa ikazima,
kabowo kena kamati psiii
kuseri kwa khoma.
Sindinauze munthu.
Nanenso ndimapumira pomwepo.