Makope Makumi Anayi ndi Limodzi

Lero ndabweza makiyi a ofesi ku Peradeniya.
Mlonda wandithandiza kutsitsa makatoni:
makope makumi anayi ndi limodzi,
ena odyedwa ndi njenjete, ena akununkhabe palafini
wa m'mizere ya nyumba za antchito ku Maskeliya.

Ndinakwera phirilo ndili mtsikana,
nsapato zatsopano, ambulera,
ndi pepala la mafunso khumi ndi awiri
lolembedwa ndi madokotala a kutsidya kwa nyanja.
Misundu inandilandira anthu asanandilandire.

Funso lachitatu linkati:
pa masabata awiri apitawa, mwakhala osasangalala masiku angati?
Muniyamma anatula dengu la tiyi
nandiyang'ana ngati ndamufunsa kulemera kwa nkhungu.
"Kafunseni sikelo," anatero,
"ndiyo imadziwa masiku anga.
Akachotsa makilo atatu ati ndi mame,
ine ndiwerengenso chiyani?"
Papepalapo panalibe bokosi la yankho lotero.
Ndinalemba m'mphepete,
ndipo m'mphepetemo ndakhalamo zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Iwo sankati matenda. Ankati yosanai,
maganizo amene amafika makina a fakitale akazima
n'kukhala pachifuwa ngati mphero.
Ankati mutu watentha. Ankati magazi auma.
Karuppiah, wopopera mankhwala m'munda wa nambala seveni,
sanatchule chilichonse.
Anandiphikira tiyi wa fumbi, wotsala wabwino atapita kunja,
naseka Chitamilu changa cha m'buku mpaka kutsokomola.
Lachinayi lotsatira botolo linapezeka kuseri kwa khola la mbuzi.
Kope lachisanu ndi chinayi, tsamba 62:
"Akuoneka wosangalala."
Dzanja lolembalo ndi langa.

Mawu awo ndayenda nawo ku Geneva, ku Toronto,
m'zipinda zozizira momwe amawomba m'manja mwaulemu.
Mayina ndinasintha monga lamulo linenera.
Muniyamma anasanduka Mayi K., zaka 44.
Nditamuwerengera anafwenthera kumbali:
"Dzina lokha ndilo sanandidule pa malipiro,
inu ndiye mwabwera kudzalitenga?"

Tinapindulanji?
Nesi mmodzi, Lachiwiri lililonse, msewu ukakhala kuti sunagumuke.
Mabokosi a maloko awiri osungiramo mankhwala a udzu,
kiyi wina kwa mkazi, wina kwa mnansi.
Ena mwa mabokosiwo lero asungamo mpunga.
Maliro anachepa m'mizere itatu; mu wachinayi ayi,
ndipo chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka pano.

Chaka chimene Chanaka wanga anatisiya,
ine katswiri wa chisoni cha eni
ndinatseka makatani miyezi inayi.
Dzina la vutolo ndinkalidziwa m'zinenero zitatu;
panalibe limodzi londidzutsa pabedi.
Iye anabwera pa mabasi awiri, atataya malipiro a tsiku,
mafuta a kokonati ali m'botolo la mankhwala a chifuwa.
Sanafunse kuti masiku angati.
Anandikhazika pansi, pakati pa mawondo ake,
zala zong'aluka, zakuda ndi utomoni wa tiyi,
zikuyenda m'tsitsi langa monga ziyendera pamwamba pa tchire:
masamba awiri ndi kansonga,
masamba awiri ndi kansonga.
Dzuwa litapendeka anati, "Tsopano idyani."
Ndinadya.

Zimenezo simudzazipeza m'kope lililonse.

Mlonda akufunsa ngati katoni yomalizayi
ipite kunyumba kapena ku laibulale.
Ndamuuza adikire kaye.
Thevaki, wophunzira wanga wotsiriza,
amene agogo ake anakalambira pa sikelo yomweyo,
akukwera basi ya ku Maskeliya mawa m'bandakucha.
Wandipempha malangizo, cholembera chili kale m'manja.
Ndamuuza atenge mchere wa misundu,
asakane tiyi ngakhale wachisanu ndi chiwiri,
ndipo akamajambula mizere m'kope lake
asiye m'mphepete motakata.