Basi ya Faifi Koloko

Imanyamuka ku Mieres kusanache.
Pampando wakumbuyo pali Anxelu Cueto,
wa zaka makumi asanu ndi ziwiri,
malasha akadali m'ming'alu ya zikhatho
ngakhale mgodi adaukhoma loko kalekale.

Mameya atatu amene sankamwerana madzi
adakhala tebulo limodzi dzinja lapitalo.
Wina adati: ine ndili ndi doko.
Wina: ine koleji, mipando ikungodya fumbi.
Wachitatu adaweramitsa mutu:
ine ndili ndi anthu ongokhala.
Cholembera chidakana kaye,
adachita kubwereka cha mlembi.

Papepalalo dzina la Anxelu palibe.
Koma basi ilipo.

Ku Avilés amamuphunzitsa ndi Llara,
msinkhu wa mwana wake wachisamba.
"Dzanja likunjenjemera, bambo. Yambaninso."
Amameza mate, n'kutsitsa chigoba kumaso.
Moto umathetheka,
chitsulo chimavomera chinzake monyinyirika,
msoko wokhota lero, mawa wokhotako pang'ono.

Mayi wogulitsa buledi pasiteji
wayamba kutsegula folo koloko.
Walemba ntchito mdzukulu wake
amene chikwama cha ku Madrid adali atamanga kale.

Madzulo basi imadutsa kudoko.
Zidutswa za nsanja zopukusa magetsi ndi mphepo
zagona pasitima ngati anamgumi.
Anxelu amapukuta nthunzi pazenera ndi chigongono,
kufunafuna msoko wake.
Sangauone, n'kutali.
Amalozabe, ngakhale mnzake wapampando wagona.

Kunyumba mkazi wake amanunkhiza malaya,
osanena kanthu,
n'kutchera wotchi.